Ndinaika Kabotolo ka Achemwali Mufuliji ya Nsomba

Inu owerenga, ine ndinaononga chinthu chifukwa chochisamala kwambiri. Ndikanakhala wotayirira ngati anzanga ena, bwenzi lero ndilibe nkhani yokuuzani. Koma ndinasamala, ndipo kusamala kwangako kunachedwetsa chithandizo cha achemwali anga amene anandilera, pa nthawi imene khansa sinali kudikira munthu. Nkhaniyi ndi yoona. Ndikudziwa kuti padoko lathu la Kachulu pali ansanje ena amene amati ine ndimachulutsa mchere pa nkhani. Amenewo ndi omwe aja anakana kukhulupirira kuti chaka chija nyanja ya Chilwa inaphwa ndinapita wapansi ku chilumba cha Chisi, panjira nkukumana ndi mlamba nawonso ukupita wapansi, mpaka tinapatsana moni. Mlambawo ukanandichitira umboni, kungoti tinaudya tsiku lomwelo.

Ntchito yanga ndi ya nsomba. Ndimagula matemba, milamba ndi makumba kwa asodzi padoko. Zina ndimayanika pathandala, zina ndimawamba, zina ndimapita nazo zaziwisi ku Zomba. Mphuno yangayi ndi yotchuka. Mphepo ikamachokera ku Chisi ndimanunkhiza nsomba ili m'bwato pakati pa nyanja, nkukuuzani nthawi imene inafa ndi zimene inkaganiza. Lamulo la ntchito yathu ndi limodzi: mnofu sudikira. Ukapanda kuuyanika, kuuwamba kapena kuuika pa ayezi, mawa lake umakhala uli pa msonkhano ndi ntchentche. Lamulo limeneli landidyetsa moyo wanga wonse, ndipo ndi lomweli linandigwetsa.

Achemwali anga, amake Esinati, amakhala kumudzi kwathu kwa Kuntumanji, amalima mpunga m'dambo. Mayi athu atamwalira ndi iwo amene anandibereka kumbuyo. Amalume onse anatha, choncho mwinimbumba ndine. Matenda, maliro, milandu ya achemwali ndi ana awo, zonse zimagogoda pakhomo panga. Amuna awo, alamu anga, ndi mkamwini wofatsa moti akaponda nyerere amabwerera kukapepesa kubanja lake. Ndinaziona ndi maso angawa.

Achemwali anatuluka chotupa m'bere lakumanzere. Anachibisa nthawi yaitali. Anayamba ndi mafuta odzozedwa ochokera kwa azimayi anzawo a kutchalitchi, kenako mizu ina yochokera ku Chisi. Pamene nkhani inkafika kwa ine, chotupacho chinali chitalimba ngati mbewu ya mango. Kuwanyengerera kuti tipite kuchipatala kunali kolemetsa kuposa kukoka bwato pamatope. Mantha awo anali akuti chotupa chikalawa mpeni chimakwiya. Pomaliza anavomera, koma anandiloza chala.

"Kamodzi kokha, chimwene. Ine si mlamba woti aliyense azindicheka."

Tinapita atatu, ine, achemwali ndi alamu. Kuchipatala adokotala anachotsa kachidutswa ka mnofu m'chotupacho, kakang'ono ngati njere ya nyemba, nkukaika m'kabotolo ka madzi oyera a fungo loluma m'maso. Anatifotokozera kuti iwo paokha sangadziwe ngati ndi khansa, ndiponso ya mtundu wanji. Kachidutswako kanayenera kupita ku labu ya yunivesite ina mumzinda, kumene madokotala ofufuza za khansa ali ndi makina ake. Anawafunsanso achemwali ngati angalole kuti chotsala chikasungidwe kumeneko kuti chithandize pa kafukufuku. Ine ndinkati akana, poti kwathu ngakhale tsitsi lometa sitisiya poyera. Koma iwo anati akasunge, ana a sukuluwo akaphunzirirepo, mwina Esinati wawo adzapulumukirapo tsiku lina.

Tsoka lake, galimoto imene imatenga mabotolo oterewa inali itapita dzulo lake. Anatiuza kuti tikhoza kudikira ulendo wina, kapena wachibale wodalirika akhoza kukatula yekha Lolemba, poti tsikulo linali Lachisanu ndipo dzuwa linali litapendeka. Nditamva mawu oti wachibale wodalirika ndinadziguguda pachifuwa mpaka odwala a muwodi yoyandikana anadzidzimuka. Nthawi yomweyo foni yanga inalira. Anali kasitomala wina wofuna kundigwetsera mtengo wa milamba, ndipo ndinatuluka panja kukakangana naye. Inu owerenga, pamene anamwino ankafotokoza kasungidwe ka kabotolo kaja, ine ndinali pansi pa mtengo kumenyera nkhondo nsomba zowamba. Amene anamva malangizo anali alamu.

Unali mwezi wa Okutobala. Amene simunafike ku Chilwa mwezi umenewu simudziwa kutentha. Matemba amadumpha m'madzi atauma kale, ife timangothira mchere. M'minibasi yobwerera ndinagwira kabotolo kaja ndipo ndinamva kuti kakufunda. Mtima wanga wa nsomba unayamba kugunda.

Alamu anandinong'oneza mwaulemu wawo uja kuti anamwino ati tingokaika pamthunzi, tisakatsegule, tisakachite china chilichonse.

Ndinawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kuzidendene.

"Alamu, inu ndi mlimi wa mpunga. Mpunga umagona m'thumba chaka chathunthu osadandaula. Za mnofu zisiyireni ife."

"Koma anamwino aja ati..."

"Anamwino anagulitsapo nsomba?"

Mkamwini satsutsana ndi mwinimbumba pa nkhani ya matenda a mkazi wake, makamaka m'minibasi anthu akumva. Achemwali anali akusinza chifukwa cha mankhwala opha ululu. Ndinawatsitsa pamphambano ya kumudzi, ine nkupitirira pa Kachulu ndi kabotolo m'thumba la malaya.

Padoko pali Che Jafali, mkulu wa golosale amene ali ndi fuliji ya sola. Ife a nsomba zaziwisi timasungitsa katundu wathu mmenemo. Ndinakulunga kabotolo kaja m'majumbo, nkumanga bwinobwino, nkuwauza kuti ndi zakuchipatala za achemwali.

"Bola isakhale nkhumba, achimwene," anatero Che Jafali.

Ndinalumbira kuti si nkhumba. Ndinachotsa makumba a anthu, nkukaika kabotoloko pansi penipeni, pakona pamene pamazizira moti dzanja ukalitulutsa limayamba lakufunsa kuti ndiwe yani. Ndinapita kunyumba ndikudziyamikira. Ndinkati achemwali ali ndi mwayi kukhala ndi mlongo wodziwa ntchito.

Lolemba m'mamawa ndinakapeza kabotolo katauma gwa, madzi aja atasanduka mwala woyera. Ndinawonjezera zibulumwa za ayezi m'jumbomo nkukwera minibasi. Msewu wathu mukuudziwa. Muli dzenje lina limene minibasi ikalowa kondakitala amatoleranso ndalama kachiwiri potuluka, poti amati ndi ulendo wina. Tisanafike ku Zomba ayezi anali atayamba kusungunuka. M'minibasi yachiwiri, ya kumzinda, anthu anayamba kupukuta misozi. Mayi wina anati pali amene wanyamula mankhwala a mbewu. Kondakitala analira mpaka anabweza chenje kwa aliyense popanda kukumbutsidwa, chinthu chimene sichinachitikepo m'dziko muno. Sindinadziwe kuti ayezi anali atang'amba kabotolo, ndipo madzi a fungo aja anali akutayikira m'jumbo.

Ku yunivesite mlonda anandilozera nyumba ya labu. Pawindo lolandirira zinthu panali mayi wina wovala magalasi ndi chovala choyera. Anavala magolovesi, namasula jumbo, nayang'ana. Kachidutswa ka achemwali kanali kakuyandama m'madzi a ayezi, pambali pa mamba a makumba. Anandifunsa kumene kabotoloko kanagona. Ndinayankha monyadira kuti mufuliji yabwino kwambiri pa Kachulu ponse, pansi penipeni.

Mayiyo anavula magalasi. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, poti kukangana ndimakutha. Anangondikokera mpando, nandipatsa madzi akumwa, nati, "Bambo, mwachokera kutali. Bwerani muone kumene mwabweretsa m'bale wanu."

Anandiimika pa galasi lalikulu loonera mkati. Inu owerenga, ine ndinkayesa kuti dokotala aliyense ali ndi makina ake monga msodzi aliyense ali ndi nkhafi yake. Si choncho ayi. Makina amenewa mtengo wake mukhoza kugula nyanja ya Chilwa, Chisi nkukhala basera. Ndiye palibe dokotala amene angakhale nawo payekha. Anawaika m'nyumba imodzi ngati chigayo, aliyense amabwera ndi chake nkuima pamzere. Wofufuza khansa ya khomo la chiberekero amabwera pomwepo, wa khansa ya kummero pomwepo, wa khansa ya ana pomwepo, ophunzira udokotala nawo pomwepo. Ndinaona makina amene amakuta kachidutswa ka mnofu m'phula longa la kandulo. Ena amakadula mopyapyala kuposa khoko la anyezi. Ena amakapaka utoto kuti dokotala akayang'ana pa makina okuzira zinthu aone tizipinda ting'onoting'ono ta mnofuwo, nkuwerenga matenda monga ife timawerengera mitambo.

Kenako ndinaona mafuliji. Anali ndandanda kukhoma, aatali kuposa ine, akulira chapansipansi. Mnyamata wina atatsegula imodzi, munatuluka utsi wozizira moti mawu amene ndinkafuna kunena anaundana pakamwa, ndinakawamva akusungunuka ndili pa depoti. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati ndapeza mboni.

"Nanga amayi, awa si mafuliji? Inu mukaika ndi sayansi, ine ndikaika ndi mlandu?"

Anaseka pang'ono, koma maso ake sanaseke. Anati zimene zimalowa m'mafuliji amenewo ndi zidutswa zina, zosathiridwa mankhwala, ndipo amaziumitsa mwadzidzidzi ngati kuphethira kwa diso. Koma kachidutswa ka achemwali kanali kale m'mankhwala. Madzi onunkha aja ndiwo anali mchere wake, dzuwa lake ndi utsi wake. Akanakasunga bwinobwino pamthunzi ngakhale kunja kukanatentha motani. Ayezi wa fuliji wamba amalowa pang'onopang'ono, amamera ngati minga mkati mwa mnofu nkung'amba tizipinda tija timene dokotala amawerenga. Kuwonjezera apo, mankhwala anali atatayika ndipo kachidutswako kanamwa madzi panjira. Atamva kuti ndine wa nsomba anandifunsa kuti mlamba ukaundana nkusungunuka, mnofu wake umakhala bwanji.

Ndinayankha kuti umafewa ngati phala, ukaugwira umakanyika.

Ndinali nditadziweruza ndekha. Chinthu chimenechi ndinkachidziwa kuyambira kalekale, kungoti sindinaganize kuti mnofu wa achemwali ukupita kukawerengedwa, osati kukagulitsidwa.

Anandilonjeza kuti ayesabe. Anandiuzanso chinthu chimene chinandilasa. Pali kupima kwina kumene kumaonetsa mankhwala amene khansa ya m'bere ingamvere. Utoto wake ndi wodula ndipo sautsegulira munthu mmodzi. Amadikira zidutswa za odwala ndi za ofufuza osiyanasiyana zikwane, nkuzipima pamodzi. Ndinati ndamva, ndi minibasi ya pa Kachulu, sinyamuka isanadzaze. Anati ndi momwemo, ndipo ya ulendo uno yatsala pang'ono kudzaza.

Patapita masiku foni inalira ndili pathandala. Anali mayi uja. Anati madokotala ayang'ana, akuona zokayikitsa, koma mnofu ndi wong'ambikang'ambika moti sanganene motsimikiza, ndipo sangayambitse munthu mankhwala amphamvu chotero pongoganizira. Pafunika kachidutswa kena. Minibasi ija inali itanyamuka, mpando wa achemwali uli wopanda munthu.

Ndinapita kumudzi. Ndinapeza achemwali akupeta mpunga pakhonde, alamu akusoka thumba. Sindikubisirani, panjira satana anandipatsa nkhani yabwino kwambiri, yoti a ku yunivesite ataya kabotolo. Nkhani yoteroyo aliyense akanaikhulupirira msanga kuposa ya mlamba woyenda wapansi. Koma ndisanatsegule pakamwa, alamu anaona nkhope yanga, nazindikira, nayamba kunena kuti mwina iwo ndi amene sanafotokoze bwino malangizo a anamwino. Munthu ndinamunyoza m'minibasi uja ankafuna kusenza mtolo wanga. Bodza lija linandithawa. Ndinanena zonse, kuyambira foni ya milamba mpaka pakona ya fuliji ya Che Jafali.

Achemwali anaika lichero pansi.

"Unandiika pamodzi ndi makumba?"

"Ndinakulunga bwino, achemwali."

"Ndinati kamodzi, chimwene. Kamodziko wadyetsa fuliji."

Anatola lichero nkupitiriza kupeta. Nkhani inathera pomwepo.

Apa ndi pamene nthabwala zinandithera. Mvula inagwa. Achemwali anati za chipatala tidzaziona akamaliza kuwokera mpunga. Atamaliza anati adikire kupalira. Ndinabwera ndi abusa, achemwali anangowaphikira tiyi nkuwaperekeza. Ndinayesa kulankhula ngati mwinimbumba, anandikumbutsa kuti anandisambitsapo ndili ndi chipere. Esinati analira mpaka anatupa maso. Nthawi yonseyi chotupa chinkakula, khungu la pabere linayamba kukwinyika, ndipo mkono wakumanzere sunkafikanso pamutu posenza mtolo. Ine ndikadutsa pa golosale ya Che Jafali nkumva fuliji ija ikulira, ndinkamva ngati ikunditchula dzina.

Tsiku lina ndinapita m'dambo kumene alamu ankapalira. Ndinagwada m'matope, ine mwinimbumba, pamaso pa mkamwini. Achule anasiya kulira kuti aone. Ndinawauza kuti mawu anga kwa achemwali anatha mphamvu, nkhaniyi aitenge ndi iwo. Anandidzutsa mwamanyazi, akuyang'ana uku ndi uku kuopa kuti anthu angaone.

Madzulo ake tili pakhonde alamu anavula chipewa. Pa zaka zonse zimene akhala pamudzi pathu sindinawamvepo akulankhula mawu ambiri ngati tsiku limenelo.

"Amake Esinati, ine pano ndine mlendo, ndinadzera inu. Mukatsogola, mwambo mukuudziwa, andiperekeza kwathu. Kwathuko ndinachoka ndili ndi tsitsi ndi mano onse. Akandidziwa ndani? Ndikagogoda pakhomo pa yani?"

Achemwali anayamba kuseka, kusekako nkusanduka kulira. Atapukuta m'maso ndi chitenje anati apita, koma pa lamulo limodzi: chimwene asakhudze botolo, asaliyang'ane, ngakhale kulinunkhiza.

Kabotolo kachiwiri ananyamula ndi alamu. Anakaika pamiyendo, nakaphimba ndi chipewa chawo, ndipo amene anakwera nawo amanena kuti sanapume mpweya kuchokera kuchipatala mpaka pawindo la mayi wa magalasi. Ine ndikukhulupirira. Zotsatira zinabwera. Inali khansa. Ulendo uno mnofu unawerengeka bwino, mtundu wake unadziwika, ndi mankhwala amene ingamvere. Achemwali analandira mankhwala a m'mitsempha amene anawathothola tsitsi lonse, kenako bere lija analichotsa.

Ndinawatsatira adokotala pakhonde la chipatala nkuwafunsa ngati bere likanapulumuka kabotolo koyamba kakanafika bwino. Anati sangadziwe, chotupacho chinali chitakhalitsa kale tisanabwere, koma pa matenda amenewa miyezi imawerengedwa. Ndinkafuna anene kuti inde kapena ayi. Yankho lawolo ndimagona nalo, ndimadzuka nalo, ndimapita nalo padoko.

Achemwali ali moyo. Akumwa mapiritsi awo, tsitsi lamera lofewa ngati la khanda, ndipo chaka chino awokera mpunga ndi mkono umodzi ndi theka. Chotsala cha kachidutswa kachiwiri chili ku labu kuja m'kaphula kake, ofufuza akuphunzirapo pamodzi ndi za anthu ena. Masiku ano akakangana ndi azimayi pachitsime amawauza kuti asamale polankhula, poti m'banja mwathu woyamba kupita ku yunivesite ndi iwo, ndipo sanabwereko. Alendo akabwera amawauza kuti akanamaliza maphunziro msanga, koma mlongo wawo anayamba wawalembetsa sukulu ya makumba.

Tsono inu owerenga, mverani ine amene ndinapsa ndi ayezi. Mukaona chotupa m'thupi, musachipatse nthawi yoti chizolowere pakhomo, pitani kuchipatala chikadali mlendo. Achipatala akamafotokoza, zimitsani foni, milamba sithawa, inafa kale. Akakupatsani chinthu choti mukatule ku labu, chitani zimene akuuzani basi, musawonjezere nzeru za ntchito yanu, kaya ndinu katswiri wotani. Kumene chikupitako kuli mzere wa anthu ambiri odalira makina omwewo, ndipo mpando wa m'bale wanu ukapita wopanda munthu, matenda sakhala pa depoti kudikira nanu. Ndipo inu eni mbumba anzanga, mkamwini akanong'ona, tcherani khutu. Nthawi zina ndi iye amene anali m'chipinda pamene inu munali panja.

Che Jafali mpaka lero salola kuti nditsegule ndekha fuliji yawo. Amayamba afunsa kuti muli wachibale wanji m'jumbomo. Anthu padoko amaseka, inenso ndimaseka nawo. Koma pa nkhani zonse zoona zimene ndakamba pa Kachulu, kuyambira ya mlamba uja, iyi yokha palibe amene anaitsutsapo, ndipo ndi iyi yokha imene ndikanakonda ikanakhala yabodza.